INJINI IKAFA, TIKONZE KAPENA TIGULE INA?

Ndi aphunzitsi owerengeka okha amene angathe kugula galimoto yatsopano ndi malipiro awo. Ambiri a ife, tikadzimana kwa zaka zingapo kapena tikakongola ndalama ku SACCO, timagula galimoto imene idayenda kale m'misewu ya ku Japan, idatsika m'sitima pa doko la Dar es Salaam, nilowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Kawirikawiri imakhala itadutsanso m'manja mwa anthu awiri kapena atatu kuno kwathu isanafike pakhomo pathu. Galimoto yotere imatitumikira mokhulupirika. Imatuta chimanga kumudzi, imathamangira ndi odwala kuchipatala pakati pa usiku, ndipo pamaliro ndi paukwati abale amayamba kukumbukira iyo asanakumbukire mwini wake. Koma limafika tsiku pamene injini yake imatsokomola komaliza ndi kukhala chete. Tsiku limenelo mwini galimoto amakumana ndi funso limene lingathe kumudyera malipiro a theka la chaka akaliyankha mopupuluma: kodi ndikonzetse injini yomweyi, kapena ndigule ina?

Maganizo athu m'nkhani ino ndi akuti munthu asagamule mlandu umenewu asanayese. Ayambe wadziwa zinthu zitatu: ngati thupi la galimotoyo lidakali lolimba, chimene chapha injini, ndiponso chimene chatsala chamoyo m'kati mwake. Amene wadziwa zitatuzi yankho limamudzera lokha. Amene sadazidziwe akungochita maere ndi ndalama za ana ake.

Ine wolemba ndidaphunzira zimenezi mowawa. M'mwezi wa December chaka chatha ndidanyamuka ndi banja langa kupita kwathu ku Dedza, kuchinkhoswe cha mlongo wanga, pa Toyota Corolla yanga ya 1998 imene idali itayenda makilomita oposa 260,000. Titapitirira pa boma la Ntcheu, msewu utayamba kukwera, ndidaona singano yosonyeza kutentha ikusendera pofiira. Ndidaima, ndidadikira kuti injini izizire, ndidathira madzi ndi kupitiriza ulendo. Posakhalitsa singano ija idakweranso. Popeza dzuwa lidali litapendeka ndipo abale adali kutidikira, ndidadzinamiza kuti mtunda wotsalawo ndi waufupi. Tisanafike pa Lizulu galimoto idatha mphamvu, nthunzi idafuka kutsogolo, injini nizima. Kuchinkhoswe tidakafika pa minibasi, ndipo galimoto idachita kukokedwa ndi chingwe m'mawa mwake. Palibe amene ndingamuloze chala. Singano idandichenjeza kawiri, ine osamva.

Sukulu itatsegulidwa, alangizi adandichulukira. Mnzanga wophunzitsa Jogalafe adati, "Akulu, injini ikangotsegulidwa sibwereranso mwakale. Gulani ina basi." Mayi wina wophunzitsa Sayansi adatsutsa nati, "Achimwene, mainjini ogulitsawo inu simudziwa chimene chidawatulutsa m'magalimoto awo. Konzetsani yanu yomweyo." Amalume anga kumudzi adangoti, "Mphwanga, gulitsa chitsulocho ugule ng'ombe." Onsewa adayankhula motsimikiza ndiponso mwachikondi, koma padalibe ndi mmodzi yemwe amene adasuzumira m'kati mwa injini yanga. Apa ndi pamene ambiri timagwera, pakuti timasankha uphungu potengera ulemu wa wotiuzayo.

Kuti timvane bwino, tiyeni tikumbutsane mwachidule m'mene injini imagwirira ntchito. Injini ya petulo imene ili m'magalimoto athu imatsata nzeru imene Nicolaus Otto wa ku Germany adaikhazikitsa m'chaka cha 1876. M'kati mwa chitsulo chachikulu chotchedwa buloko muli mabowo, kawirikawiri anayi, otchedwa masilinda, ndipo m'bowo lililonse muli pisitoni yokwera ndi kutsika. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya ndi petulo. Ikamakwera imazifinya, ndipo pulagi imayatsa moto umene umaikankhiranso pansi. Pokwera kachiwiri imatulutsa utsi. Mphamvu ya kukankhako imadzera mu konirodi kupita ku kirankishafuti, imene imazungulira ndi kuyendetsa mateyala kudzera mu giyabokosi. Pamwamba pa buloko pamakhala chivundikiro chotchedwa hedi, ndipo pakati pa ziwirizi pali gasiketi yoletsa moto, madzi ndi oyilo kusakanizika. Okonda masamu aone ichi: injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, pisitoni iliyonse imakwera ndi kutsika ka 50 pa sekondi imodzi. Zitsulo zothamanga chotere zimapulumuka chifukwa cha zinthu ziwiri, oyilo amene amaziletsa kukhudzana, ndi madzi amene amanyamula kutentha kupita nako ku rediyeta.

Motero injini imafa imfa zitatu. Yoyamba ndi ya ukalamba: maring'i a pisitoni ndi makoma a masilinda amaperepeseka pang'onopang'ono, injini imayamba kumwa oyilo, imatulutsa utsi wabuluu, ndipo pachitunda imawefuka. Yachiwiri ndi ya kutentha, monga idachitira yanga: madzi akatha, hedi, imene m'magalimoto ambiri ndi ya aluminiyamu, imapindika, gasiketi imapsa, ndipo madzi amalowa m'masilinda kapena mu oyilo. Chizindikiro chake ndi utsi woyera wosaleka ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Yachitatu, yoopsa koposa, ndi ya kusowa oyilo: mabeyaring'i amapsa, pansi pa injini pamamveka kugogoda, ndipo amakaniko amati injini yanoka. Woyendetsa akakakamira, konirodi imatha kuthyoka ndi kuboola buloko. Imfa zitatuzi n'zosiyana, ndipo mtengo wa mankhwala ake ndi wosiyananso. N'chifukwa chake mawu akuti "injini yafa" sakwanira kumangirapo chigamulo.

Funso loyamba lisakhale la injini. Yambani mwayendera galimoto yonse ngati kuti ndi ya munthu wina amene akufuna kukugulitsani. Gwadani pansi, muone ngati dzimbiri ladya chesesi ndi pansi popondapo, makamaka pamene pamangidwa mashoko. Kumbukirani m'mene giyabokosi idali kuchitira injini isanafe: kodi idali kulowa magiya bwinobwino, kapena idali kuchedwa ndi kugwedeza? Nanga mabuleki, chiwongolero, mawaya a magetsi ndi mateyala zili bwanji? Dzifunseni moona mtima ngati galimotoyo, itakhala ndi injini yabwino, ingapambane poyesedwa kuti ilandire COF popanda kuwonongeranso ndalama zambiri. Ngati thupi latha, nkhani yathera pomwepo. Kuika injini yamphamvu m'galimoto yowola kuli ngati kufolera malata atsopano pa nyumba imene chiswe chidadya kale mitengo yake. Koma ngati thupi ndi lolimba ndipo zipangizo zake zimapezeka mosavuta m'masitolo athu, galimotoyo ndi yoyenera kuipulumutsa, ndipo mungathe kupita ku funso lachiwiri.

Funso lachiwiri ndi lakuti: chatsala n'chiyani m'kati mwa injini? Pano mpofunika kulipira makaniko ndalama yapadera ya ntchito yoyesa yokha, musanapangane za kukonza. Ngati injini ikutha kuzungulira, ayese mphamvu ya kufinya kwa silinda iliyonse ndi geji, manambala anayiwo muwalembe. Akaitsegula, ayese ngati hedi yapindika kapena yang'aluka, ayesenso kukula kwa masilinda ndi kuperepeseka kwa kirankishafuti. Zimenezi siziyesedwa ndi chala kapena ndi diso, chifukwa kusiyana kwake kumakhala kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi. Pali zida zake, monga micrometer, ndipo makaniko amene alibe zidazi atengere zitsulozo ku malo amene amapala ndi kubowa mainjini. Tsiku loyesalo mukhalepo nokha. Akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Muyeso ukasonyeza kuti buloko ndi yosang'aluka ndipo kirankishafuti idakali ndi nyama, ife tikuti konzetsani. Mainjini akale a buloko ya chitsulo, monga 5A imene ili mu Corolla yanga, adapangidwa moti angathe kukonzedwa. Masilinda amabowedwa kuti akule pang'ono, mwachitsanzo ndi theka la milimita, ndipo amaikamo mapisitoni ndi maring'i a saizi yomweyo. Kirankishafuti imapalidwa ndi kupatsidwa mabeyaring'i oyenerana nayo. Hedi yopindika pang'ono imapalidwa kuti iwongoke. Ntchito imeneyi ikagwiridwa mwaluso, mumakhala ndi injini imene mukudziwa chilichonse chili m'kati mwake, pakuti mudachigula nokha. Koma ngati konirodi idaboola buloko, kapena buloko yang'aluka, kapena injiniyo idabowedwa kale mpaka pa saizi yomaliza, musataye ndalama. Dziwaninso kuti mainjini ena a masiku ano, monga 1NZ imene ili m'magalimoto ambiri a Sienta ndi Probox, ali ndi buloko ya aluminiyamu yokhala ndi makoma opyapyala m'masilinda, ndipo kampani imene idawapanga sivomereza kuti abowedwe. Injini yotere masilinda ake akakandika kwambiri, kugula ina ndiyo njira yanzeru.

Tsono mnzanga wa Jogalafe uja sadanene bodza lokhalokha. N'zoona kuti mainjini ambiri otsegulidwa amafanso miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Koma chimene chimawapha ndi m'mene adakonzedwera. Pali amakaniko ena amene amangosintha maring'i ndi gasiketi, osayesa kanthu, nkumati apanga ovaholo. Pali zipangizo zachinyengo zimene zimabwera m'mabokosi okongola. Palinso fumbi: injini yomangidwa pamchenga, mphepo ikuwomba, imayamba kudzidya yokha tsiku lomwe yalizidwa. Sitikunyoza amisiri ogwira ntchito pansi pa mtengo, pakuti ku Ndirande, ku Biwi ndi m'matauni ena muli anthu a luso lozama amene alibe denga chabe. Chimene tikunena n'chakuti mmisiri weniweni amadziwika ndi zizolowezi zake. Amayala zitsulo pamalo oyera, amayesa asanagule, amamanga mabawuti a hedi ndi sipanala yoyeza mphamvu motsata ndondomeko yake, ndipo sakwiya mukamufunsa. Mupempheni mndandanda wa zipangizo, mukagule naye limodzi, musunge malisiti, ndipo zakale zimene wachotsa akubwezereni.

Nanga amene muyeso wawauza kuti agule ina achite chotani? Mainjini abwino ogwiritsidwapo kale ntchito alipo ndithu, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Ku Japan lamulo limafuna kuti galimoto yatsopano iyesedwe ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako pamodzi ndi misonkho yake kumadya ndalama zambiri. Motero eni ake ambiri amataya magalimoto amene sadathe kwenikweni. Ena mwa magalimotowa amatumizidwa kunja athunthu, ena amaphwasulidwa, mainjini ake nkupakiridwa m'makontena. Koma si injini iliyonse yoyalidwa pasitolo imene idachokera kumeneko. Ina idachotsedwa m'galimoto yangozi kuno komwe, ina idafa ngati yanuyo, nitsukidwa bwino ndi parafini. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiponso injini ilibe chowerengera makilomita pathupi pake, kotero kuti nambala imene wogulitsa akutchula ndi mawu chabe.

Choncho pokagula mutenge makaniko wanu, osati wa mwini sitolo. Azunguze kirankishafuti ndi sipanala kuti amve ngati ikuyenda mosalala. Atsegule pothirira oyilo, aone ngati m'kati muli phala lakuda. Amasule mapulagi ndi kuwayang'ana, ndipo ngati n'kotheka ayese kufinya kwa masilinda. Aonetsetse kuti mtundu wa injiniyo ndi wofanana ndi wanu, chifukwa mainjini a dzina limodzi nthawi zina amasiyana mawaya ndi kompyuta yake. Wogulitsa alembe papepala masiku amene angailandirenso ikapezeka yolakwika, ndipo palisiti palembedwe nambala ya injiniyo. Nambala imeneyi ndi yofunika kwambiri. Ya injini yanu yakale idalembedwa m'mapepala a galimoto, ndipo mukasintha injini muyenera kukadziwitsa a Road Traffic kuti mapepalawo akonzedwe. Amene wagula injini yopanda lisiti kwa munthu wosamudziwa angadzapezeke tsiku lina akufotokozera apolisi za katundu wakuba. Musanaiike, sinthani lamba wa taiming'i ngati ili naye, pampu ya madzi ndi masilo a oyilo, pakuti ntchito imeneyi ndi yosavuta injini ili pansi.

Tsopano tifike pa masamu, amene ife aphunzitsi timawaphunzitsa m'kalasi koma kunyumba timawaiwala. Tengani pepala, muligawe patatu. Mbali yoyamba mulembe mtengo wonse wa kukonza: zipangizo, kubowa, kupala, oyilo, mmisiri ndi mayendedwe. Mbali yachiwiri mulembe mtengo wonse wa injini ina, kuphatikizapo kuinyamula, kuiika, zosinthiratu zija ndi kukonzetsa mapepala. Mbali yachitatu mulembe mtengo wa galimoto ina yofanana ndi yanu, mutachotsapo ndalama imene mungapeze pogulitsa yakufayo. Mitengo yake ikhale ya lero. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero kuti mtengo umene mnzanu adalipira zaka zingapo zapitazo sungakuthandizeni. Mukatero, mbali iliyonse muigawe ndi zaka zimene mukuyembekeza kuti galimotoyo ikutumikirani. Njira yotsika mtengo lero imene idzakubwezeretsani ku garaja chaka chamawa ndiyo yodula koposa.

Pali nambala imodzi imene siyenera kulembedwa papepalapo, ndiyo ndalama zimene mudawononga kale pa galimotoyo. Ambiri timati, "Ndagula kumene mateyala, ndapentetsa chaka chatha, ndingaisiye bwanji?" Madzi akatayika sawoleka. Zimene zidapita sizibwera chifukwa choti mwaonjezerapo zina. Chofunika kufunsa n'chakuti ndalama imene muti mutulutse mawa idzakubwezerani chiyani. Komanso tichenjezane za katapila. Galimoto ya mphunzitsi kawirikawiri silowetsa ndalama, kotero ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu idzabwezedwa ndi ndiwo za ana ndi fizi yawo. Kuimika galimoto miyezi ingapo mukusonkha ndalama si chamanyazi. Ichotseni batire, iphimbeni, mukwere minibasi kapena njinga monga mudali kuchitira kale. Ndipo ngati mbali zonse zitatu zaposa mphamvu yanu, uphungu wa amalume anga uja ndi wabwino: gulitsani msanga, galimoto isanasanduke chikwere cha nkhuku.

Owerenga afuna kudziwa chimene ine ndidachita. Nditafunsafunsa ndidapeza makaniko wina wachikulire, amene adakana kunditchulira mtengo asanatsegule. Adandiuza kuti, "Aphunzitsi, inu mumapereka malikisi musanaone pepala la mwana?" Adapeza kuti hedi idapindika koma sidang'aluke, mapisitoni awiri adakandika, buloko idali yabwino ndi yosabowedwapo, ndipo kirankishafuti idangofunika kusalaza. Papepala langa kukonza kudakwana malipiro anga a miyezi 4, injini ina miyezi 5 ndi theka, ndipo galimoto ina idaposa malipiro a zaka 2. Ndidasankha kukonza. Ndidadikira miyezi itatu ndikusonkha ndalama, ndikupita kusukulu pa njinga, ana a Fomu 2 akundiseka. Galimoto itatuluka ndidaiyendetsa mofatsa makilomita 1,000 oyamba, kenaka ndidasintha oyilo ndi fyuluta. Sindikunena kuti aliyense achite monga ine. Muyeso ukadasonyeza buloko yong'aluka ndikadagula ina, ndipo ndikadakhala wolondola chimodzimodzi.

Chimene bambo aja adandiphunzitsa koposa zonse chidadza pamapeto. Injini itamangidwa adakana kuiliza mpaka titapeza chimene chidaipha. Rediyeta idali yotsekeka ndi dzimbiri chifukwa kwa zaka zambiri ndidali kuthiramo madzi a pachitsime opanda mankhwala ake, thanki yake yapamwamba idali ndi mng'alu, ndipo fani yoziziritsa idali itasiya kuzungulira. Ndikadagula injini yabwino chotani ndi kuilumikiza ku rediyeta imeneyo, ikadafera pachitunda chomwecho. Ichi chikhudza onse, okonza ndi ogula omwe: chimene chidapha injini yoyamba chikasiyidwa, chidzaphanso yachiwiri.

Pomaliza, mawu awiri kwa inu achinyamata amene mwangomaliza Fomu 4 ndipo mukusinkhasinkha za ntchito. Magalimoto ambiri a m'misewu yathu ndi akale, ndipo tsiku lililonse mwini wina akuima m'mbali mwa msewu ndi funso limene takambiranali. Anthu amenewa akusowa amisiri odziwa kuwerenga buku la injini, kugwiritsa ntchito zida zoyezera, ndi kunena zoona ngakhale pamene zoonazo ziwachepetsera phindu. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo umakaniko umaphunzitsidwa m'makoleji monga Lilongwe Technical College ndi Nasawa. Madesimolo ndi Fizikisi zimene mudaziona ngati chizunzo m'kalasi ndizo zimasiyanitsa mmisiri ndi munthu wongosintha zitsulo. Ndipo kwa aphunzitsi anzanga amene galimoto zanu zidakali kuyenda: mawa m'mawa, musanalize injini, tsegulani boneti muone oyilo ndi madzi. Singano ikadzakwera, imani pomwepo, ngakhale abale akudikira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sabata yamawa tidzakambirana za ngongole zimene aphunzitsi timatenga pogula galimoto, ndi m'mene tingawerengere chiwongoladzanja chake tisanasaine.